Mapanga Awiri Avumbwitsa

MAWU ONYENGA

Pali mawu amene anthu ambiri a m'Malawi akonda kunena pokamba za matenda. Iwo amati, "Anthu a m'tauni ali pabwino, pakuti chipatala ali nacho pakhomo." Mawu amenewa amamveka m'midzi, ndipo amamvekanso m'maofesi a Boma momwe akulu amagawa ndalama ndi antchito. Munthu akawamva koyamba satsutsa, chifukwa n'zoona kuti mu Lilongwe muli zipatala. Chipatala chachikulu cha Kamuzu chinatsegulidwa m'chaka cha 1977. Chilipo chipatala cha Bwaila, chimene akale anachizolowera ndi dzina lakuti Botomu. Ziliponso zipatala zazing'ono ku Kawale, ku Area 18 ndi ku Area 25.

Koma mawuwo ndi onyenga, ndipo aphetsa anthu. Kuyandikana ndi chipatala sindiko kukhala ndi moyo wabwino ayi. Moyo wa munthu uli m'madzi amene amwa, m'chimbudzi chimene apitako, m'dzala limene lili kuseri kwa nyumba yake, ndi m'chisamaliro chimene nkhalamba ndi mwana wamasiye alandira pakhomo. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, chilichonse mwa zinthu zimenezi chili ndi mwini wakewake, ndipo eniwo sakhalira pamodzi kupangana. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wa m'lokeshoni ali ndi mapanga asanu, ndipo mvula ikagwa imampeza ali pakati, akuthamanga kuchoka ku phanga ili kunka ku phanga ilo.

MOMWE MZINDA UNAMEZERA MIDZI

Kale malo amene lero ali Area 23 ndi madera oyandikana nawo anali midzi, minda ndi madambo a anthu a Mfumu Tsabango. Lilongwe inali tauni yaing'ono. Kalembera wa 1966 anapezamo anthu osakwana 20,000. Tsono Boma linaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, ndipo m'chaka cha 1975 Lilongwe inakhala likulu. Anthu anayamba kufika kuchokera ku zigawo zonse kudzafuna ntchito. M'chaka cha 1977 anali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 anawerenga anthu 989,318. Ndiko kuti pa zaka 52 zokha, pamene panali munthu mmodzi panakhala anthu 50.

Anthu onsewa sanakhale mofanana. Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 malo ambiri anapimidwa, misewu inalambulidwa, ndipo mipope ya madzi inalowa m'mapuloti ambiri. Ku Chinsapo, ku Mgona ndi m'mbali zina za Area 23 nyumba zinamera malo asanapimidwe. Kumeneko mabanja angapo a lendi amalowa chimbudzi chimodzi, madzi amagulidwa pa kiyosiki ndowa imodziimodzi, ndipo ndalama ikatha mayi amakatunga pa chitsime chosazama chimene chayandikana ndi chimbudzicho. Motero mkati mwa mzinda umodzi muli kusiyana kwakukulu, monga kumene kuli pakati pa boma ili ndi boma ilo. Koma mlembi wa mu ofesi akalemba mawu akuti "tauni," aika anthu onsewa m'thumba limodzi pamodzi ndi a ku Area 10 ndi a ku Area 43, amene ali ndi madzi m'nyumba ndi galimoto pakhomo.

China chimene chinasintha ndicho ulamuliro. Lamulo la Mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu zolamulira mkati mwa mzinda, pokhapokha khonsolo italola. Mudzi ukamezedwa ndi tauni, nyakwawa atsala ndi ulemu wa pa maliro ndi pa timilandu ta pakhomo. Mafumu a m'tauni ndi mabuloko lida amagwira ntchito yolemetsa, usana ndi usiku, koma thumba la ndalama alibe, ndipo mawu awo ku ofesi ndi opempha chabe. Choncho munthu wa m'lokeshoni mudzi anautaya, koma mzinda sunamlandire kwathunthu.

MALAYA OSOKERA WINA

Dziko la Malawi lili ndi chinthu chimene maiko ena amachiyamikira, ndicho alangizi a zaumoyo. Ntchito yawo inayamba ndi anthu otemera nthomba m'zaka za m'ma 1960. Mliri wa kolera utabuka m'chaka cha 1973, Boma linalemba ena othandiza kuuthetsa, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inakhazikika. M'chaka cha 1978 maiko a dziko lapansi anasonkhana ku Alma-Ata, m'dziko limene lero ndi Kazakhstan, nagwirizana kuti chithandizo choyamba chizifika kumene anthu akhala, ndi kuti anthu eni ake azikhala ndi mawu pa chithandizocho. Alangizi ndiwo manja ndi miyendo ya pangano limenelo. Iwo amatemera ana, amawakweza sikelo, amathira kolorini m'zitsime, amafufuza otsokomola nthawi yaitali, nalangiza amayi oyembekezera. Kuyambira m'chaka cha 2008 ena a iwo anaphunzitsidwa kuchiza malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba kwa ana osafika zaka zisanu, pa tizipatala ta m'mudzi.

Zipatso zake zinaoneka. M'chaka cha 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo, ana 234 anali kumwalira asanafike zaka zisanu. Pofika zaka za 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 63. Si alangizi okha amene anachititsa zimenezi, koma gawo lawo ndi lalikulu ndithu.

Komatu malaya abwinowa anasokedwa pa thupi la mudzi. Kumudzi mlangizi akafuna anthu auza nyakwawa, nyakwawa namemeza mudzi wonse. Pali komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, pamwamba pake komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, pamwambanso komiti ya dera la mfumu yaikulu, kufikira ku khonsolo ya boma. Wokana kukumba chimbudzi aitanidwa ku bwalo, nalipa nkhuku. Makwerero amenewa nthawi zina ndi ofooka, koma alipo, ndipo aliyense adziwa popondera.

M'lokeshoni mlangizi afika pakhomo napeza loko, pakuti anthu alawirira ku ganyu ku Kanengo kapena kukagulitsa malonda ku msika. Amene anamlemba m'kaundula mwezi watha wasamuka chifukwa cha lendi. Chimbudzi chadzaza, koma mwini puloti akhala kwina, ndipo aoneka pakutha pa mwezi pokha. Ndani adzamuitana ku bwalo ameneyo? Pamwamba pa izi, tizipatala ta m'mudzi tija tinakonzedwera malo ovuta kufikako, ndipo kuvutako kunayezedwa ndi makilomita. Poyeza ndi makilomita, Mgona sali kutali ndi chipatala. Koma mayi wopanda ndalama ya minibasi, amene akataya tsiku pa mzere banja lake ligona ndi njala, chipatala chili kutali naye ngakhale denga lake aliona ndi maso. Muyezo wa Boma ndiwo mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, koma kumene anthu achuluka msanga chotere, muyezowo utsala pa pepala.

MAKOMO ASANU A MAYI MMODZI

Wowerenga ayerekeze mayi wachikulire wokhala ku Chinsapo. Mayiyo amwa mankhwala a ma ARV, ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo alera adzukulu awiri amasiye, wamng'onoyo wa zaka zitatu. Amayi otere sasowa m'lokeshoni iliyonse. Nanga mavuto ake akawatula kuti?

Khomo loyamba ndilo ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe. Zipatala zazing'ono za Boma za m'malokeshoni zili m'manja mwake, koma ofesi yomweyo iyang'aniranso midzi yonse ya bomalo, momwe muli anthu oposa 1,600,000. Khomo lachiwiri ndilo Unduna wa Zaumoyo, kumene chipatala chachikulu cha Kamuzu chiyankha. Khomo lachitatu ndilo khonsolo ya mzinda, mwini zinyalala, misika ndi ngalande. Lachinayi ndilo bungwe la Lilongwe Water Board, mwini madzi a m'mipope. Lachisanu ndilo ofesi yosamalira ana amasiye, okalamba ndi olumala, imene ili pansi pa unduna winanso. Pambali pa makomo amenewa pali chipatala cha Likuni, choyandikana ndi Chinsapo, chimene ndi cha mpingo wa Katolika, ndipo pa zithandizo zambiri wodwala alipira.

Mdzukulu uja akatsekula m'mimba chifukwa cha madzi a pa chitsime, namwino amchiza bwino lomwe, nambweza ku chitsime chomwecho, popeza chitsime si cha namwino. Agogo akafooka nalephera kukatenga mankhwala, a ku chipatala alemba kuti sanabwere, koma a ofesi yosamalira anthu sadziwa kuti m'nyumba muja ana awiri atsala opanda wowaphikira. Wantchito aliyense wagwira gawo lake mokhulupirika, koma banjalo lavumbwa.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mayi uja anaima pa mzere naponya voti kusankha khansala. Khansalayo akhala mu khonsolo ya mzinda, koma khonsolo ya mzinda si imene iyendetsa chipatala cha Boma chimene mayiyo apitako. Ofesi ya zaumoyo ili pansi pa khonsolo ya boma, imene makhansala ake asankhidwa ndi anthu a kumidzi. Amene mayi anamsankha alibe mphamvu pa chipatala. Amene ali ndi mphamvu pa chipatala mayi sanamsankhe, ndipo sangathe kumchotsa. Mankhwala akasowa, dandaulo lake lizungulira maofesi monga mlendo wosochera, wina aliyense akuloza khomo la mnzake.

PHUNZIRO LA KOLERA

Wina angati zimenezi ndi zokamba chabe. Koma chaka cha 2022 chinapereka umboni kawiri. M'mwezi wa Febuluwale Boma linalengeza kuti mwana wina wa mu Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda yopuwalitsa imene inali isanaonekenso m'Malawi chiyambire 1992. M'mwezi wa Malichi mliri wa kolera unayamba ku Machinga, atangopita namondwe wa Ana, nufalikira m'maboma onse. Unali mliri wa kolera woopsa koposa yonse m'mbiri ya dziko lino: anthu oposa 58,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Boma limene linaposa onse pa odwala ndi pa maliro linali Lilongwe, kumene kuli zipatala zazikulu kuja. M'Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo.

Pa 13 Febuluwale 2023 Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anakhazikitsa ntchito ya Tithetse Kolera, ndipo mwambo wake unachitikira ku Mgona. Masiku amenewo anthu anaona chimene sanazolowere kuchiona. A zaumoyo, a madzi, a khonsolo, a mipingo, mafumu ndi mabungwe anakhala pa bwalo limodzi. Kolorini anagawidwa khomo ndi khomo, katemera wakumwa anaperekedwa, mahema ochiziramo anamangidwa pafupi ndi anthu, ndipo mliri unayamba kuchepa.

Nanga ngati akulu amenewa anatha kukhalira pamodzi pamene maliro anachuluka, chiwaletsa n'chiyani kukhalira pamodzi chaka chonse? Njira ya kolera si yobisika. Dokotala John Snow anaonetsa ku London m'chaka cha 1854 kuti nthendayi iyenda ndi madzi oipitsidwa. Aliyense adziwa kuti mvula idzagwa, kuti zimbudzi zidzasefukira, ndi kuti ndi malokeshoni ati amene adzayamba kulira. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kupangana moto utafika kale ku tchire ndi mantha chabe, ndipo mantha akatha aliyense abwerera ku phanga lake.

ZIMENE MADERA ENA AONETSA

Kuphatikiza zithandizo pamodzi n'kotheka, ndipo kwachitika m'dziko lomwe lino. Neno ndi boma la mapiri ndi misewu yovuta, la anthu pafupifupi 138,000 pa kalembera wa 2018. Kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lagwira ntchito kumeneko pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. M'chaka cha 2015 anayambitsa kiliniki imodzi ya nthenda zonse zokhalitsa, kuti munthu wa ma ARV, wa shuga, wa khunyu ndi wa kuthamanga kwa magazi athandizidwe pa khomo limodzi tsiku limodzi. Anaikanso anthu a m'midzi momwemo oyendera mabanja khomo ndi khomo. Mayi wa ku Chinsapo uja akadakhala ku Neno, maulendo ake akadachepa, ngakhale Neno ili kutali ndi likulu.

Ku Balaka, m'chaka cha 2011, kunayamba Chipatala cha pa Foni, chimene pambuyo pake chinafika dziko lonse. Ku Mchinji, m'chaka cha 2006, kunayamba Mtukula Pakhomo, wothandiza mabanja osaukitsitsa opanda wowagwirira ntchito. Mu Lilongwe momwemo, bungwe la Lighthouse linakhazikitsidwa m'chaka cha 2001, lophatikiza kuyeza magazi, kupereka mankhwala ndi kusamalira odwala kunyumba. Ndipo m'chaka cha 2006 linatsegula kiliniki ya Martin Preuss ku Bwaila, kumene chifuwa chachikulu ndi HIV zichizidwa pamodzi.

Pa zitsanzo zimenezi pali maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti nzeru zabwino zimabadwa kumene anthu apatsidwa mpata woyesa njira yoyenera malo awo. Lachiwiri ndi lowawa. Zambiri mwa zimenezi zinafika kumene bungwe lakunja linasankha kuimika msasa wake, ndipo dera limene silinasankhidwe linatsala. Moyo wa mwana usamadalire mwayi wotere. M'chaka cha 2025 boma la America linaimitsa chithandizo chake chochuluka ku maiko osauka, ndipo Malawi anaona kuti mlendo angathe kupasula msasa wake usiku umodzi. Wotsala pa malo ndiye khonsolo, mfumu ndi anthu eni ake. Ngati amenewa alibe mphamvu, ntchito igwa tsiku limene mlendo achoka.

MPHAMVU ZIMENE ZINAIMA PANJIRA

Maganizo opatsa anthu mphamvu pa zinthu za kwawo si atsopano. M'chaka cha 1933 boma la Atsamunda linapatsa mafumu mphamvu zina zolamulira madera awo, ndipo m'chaka cha 1953 linakhazikitsa makhonsolo a maboma. M'nthawi ya chipani chimodzi mphamvu zambiri zinabwerera ku likulu. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono m'chaka cha 1998, ndipo anthu anamva mawu okoma akuti "mphamvu ku anthu." Zipatala zazing'ono, sukulu za pulayimale ndi chisamaliro cha anthu zinayenera kutsikira ku makhonsolo.

Makhansala oyamba anasankhidwa m'Novembala 2000. Nthawi yawo inatha m'chaka cha 2005, ndipo chisankho china sichinachitike kufikira pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi dziko linakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. M'zaka zomwezo malokeshoni a Lilongwe anali kukula usana ndi usiku, popanda munthu wosankhidwa wofunsa kuti madzi adzachokera kuti ndi zimbudzi zidzakumbidwa pati.

Makhansala anabwerera, koma mphamvu zinatsika theka la ulendo lokha. Zinachoka ku Capital Hill, zinafika pa ofesi ya boma, ndipo zinakhala pansi pomwepo. Komiti ya chipatala chaching'ono ingathe kuona kuti mpope wathyoka kapena kuti nyali ya ku chipinda chochirira amayi yazima, koma ndalama yokonzera iyenera kupemphedwa ndi kalata, kalatayo nidikira pamodzi ndi makalata a zipatala zina zonse za m'bomalo. Ndondomeko ya zaumoyo ya Boma ya zaka za 2023 mpaka 2030 ikamba za pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Mawuwo ndi abwino. Koma ngati umodzi umenewo uthera m'maofesi a ku likulu, osafika ku Biwi, mayi uja sadzaumva kukoma kwake.

KUYANKHA OTSUTSA

Alipo akulu amene amati, "Makhonsolo ndi akuba, kuwapatsa ndalama n'kuzitaya." N'zoona kuti m'makhonsolo mwapezeka kuba, ndipo wobisa zimenezi ndi wabodza. Koma m'chaka cha 2013 kunaululika kuba kwakukulu kwa Cashgate, ndipo mabiliyoni a makwacha amenewo sanabedwe ndi komiti ya ku Kawale ayi, anabedwa ku Capital Hill. Wakuba akonda mdima, ndipo mdima uchuluka kumene ndalama ili kutali ndi eni ake. Ndalama yokonzera mpope wa pa chipatala ikalembedwa pa khoma, anthu mazana aiona, ndipo mpope ukapanda kukonzedwa adziwa womfunsa.

Ena amati, "Anthu wamba sadziwa za chipatala." Kuchita opaleshoni sadziwa ndithu, ndipo palibe wanena kuti komiti izilemba mankhwala. Koma ndi chitsime chiti chimene ana adwala nacho, ndi nkhalamba iti imene yagona masiku atatu osatuluka, ndi mwini puloti uti amene akana kukumba chimbudzi, zimenezi adziwa ndi amayi a m'lokeshoni, amene aphika pa maliro ndi kuyendetsa sukulu za mkombaphala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Enanso amati, "Kumudzi mavuto ndi aakulu koposa, a m'tauni adikire." Mawu awa ali ndi choonadi chake, ndipo ayenera kulemekezedwa. Mayi wa ku mapiri a Chitipa ayenda mtunda wautali kuti akapeze namwino. A ku Nsanje ndi ku Chikwawa alimbana ndi madzi osefukira, monga anachitira pa namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023. A m'mbali mwa nyanja avutika ndi likodzo. Palibe wanzeru amene angalande mudzi kuti apatse tauni. Koma zitsanzo zomwezi zionetsa kuti dera lililonse lili ndi nthenda yakeyake: kwina ndi mtunda, kwina ndi madzi osefukira, ndipo ku Mgona ndi kuthinana, lendi ndi madzi ogula. Chilungamo sindicho kusokera anthu onse malaya a muyezo umodzi. Likulu liike malamulo, ligule mankhwala, ligawe ndalama moona kusauka kwa dera lililonse. Koma kusoka kwake kuchitikire pafupi ndi wovala.

ZOYENERA KUCHITIKA

Choyamba, umoyo wa m'malokeshoni ukhale ndi mwini mmodzi wodziwika. Khonsolo imene anthu a m'tauni asankha ikhale ndi mawu, mwa lamulo, pa zipatala zazing'ono za m'tauni. Ngati zimenezo zichedwa, lamulo likakamize khonsolo ya mzinda, ofesi ya zaumoyo, a madzi ndi osamalira anthu kukhala pamodzi mwezi ndi mwezi m'dera la khansala aliyense, ndi pulani imodzi imene anthu angathe kuiwerenga.

Chachiwiri, kuvuta kwa malo kusayezedwe ndi makilomita okha. Kuyezedwenso ndi kuchuluka kwa anthu pa chimbudzi chimodzi, mtengo wa ndowa ya madzi, ndi maola amene wodwala aima pa mzere. Poyeza chotere, Mgona ndi Chinsapo adzalandira alangizi okwanira ndi tizipatala ta ana ta pafupi.

Chachitatu, chipatala chaching'ono chilichonse chizilandira ndalama yakeyake yokonzera zinthu zazing'ono, yoyang'aniridwa ndi komiti yosankhidwa poyera, ndipo zolowa ndi zotuluka zizilembedwa pa khoma m'Chichewa.

Chachinayi, mafumu a m'tauni, mabuloko lida ndi magulu a amayi osamalira odwala adziwike ndi lamulo, ndipo mlangizi wa zaumoyo ndi wosamalira anthu aziyendera limodzi, ndi kaundula mmodzi wa mabanja ovutika. Wodwala nthenda zingapo zokhalitsa athandizidwe tsiku limodzi, monga achitira ku Neno.

Chachisanu chili pa anthu eni ake. Mwini puloti amene alandira lendi ya mabanja asanu akumbe chimbudzi chowakwanira, ndipo akakana, anansi ake amtengere kwa buloko lida ndi kwa khansala. Msonkhano wa dera ukaitanidwa, abambo asausiyire amayi okha. Wofuna voti akabwera ndi nsalu ndi nyimbo, afunsidwe kuti chipatala cha m'deralo chiyankha kwa yani, ndi kuti iye adzachitapo chiyani.

Munthu amene waphunzira kuwerenga ali wamkulu ali ndi gawo lake pa ntchito imeneyi. Iye angathe kuwerenga buku la kuchipatala la mwana wake, naona tsiku la katemera. Angathe kuwerenga chikalata cha pa khoma la chipatala, nauza anzake ndalama imene inalowa. Angathe kulemba kalata kwa khansala, nasunga ina yofanana nayo m'nyumba, kuti pakapita miyezi itatu akafunse yankho ali ndi umboni m'manja. Mvula idzagwanso chaka chino monga inagwera m'chaka cha 2022, ndipo zitsime za ku Mgona ndi ku Chinsapo zikali pomwe zinali. Anthu a m'dziko la Tsabango ndi a m'malokeshoni onse a Lilongwe afunse tsopano, kukali chilimwe, kuti phanga lawo ndi liti.